Mtengo wa Makolo pa Khoma la a Kondi

Rufina anakumana ndi Geraldo pamsika wa Vila Coutinho m'chaka cha 1951, tsiku limene kamiyau, galimoto yonyamula kachewere, inatitimira m'matope. Amuna onse ankakankha, koma mnyamata wina woyererako anaima pambali, manja m'thumba, n'kumapereka nzeru. Rufina, dengu la nyemba lili pamutu, anamufunsa ngati manjawo anali obwereka kuti aziopa kuwadetsa.

Mnyamatayo anaseka, navula nsapato, nalowa m'matope. Mlandu wonse unayambira pamenepo.

Geraldo anali mwana wa a Kondi Arkadi, mzungu wa ku Rusiya amene ankalima kachewere cha ku Domwe. Ankati kwawoko anali bwana wa minda yosatheka kuizungulira ndi miyendo, ndipo ankakhala nawo m'nyumba ya malamulo, mpaka boma linatembenuka iwo n'kuthawa ndi jekete limodzi. Chimene anapulumutsa chinali m'mutu basi: maina a makolo awo. Anawajambula pakhoma la pabalaza ngati mtengo waukulu, nthambi iliyonse ndi dzina lake, mpaka kudenga. Koma dzina la Geraldo panalibe. Malemu mayi ake anali Mchewa wa ku Domwe komweko amene ankaphikira a Kondi, ndipo utoto unkangotha ukafika pamenepo.

Pakamwa ndiye Geraldo anali napo. Lero Rufina ndi duwa la pichesi, mawa ndi dzuwa la m'mawa wa chisanu. Rufina ankamuuza kuti maluwa sadyedwa, komabe madzulo ankapezeka pamlatho pomwe anapangana.

"Nabanda wanga, khoma lija ligwe kapena liime, ine ndikukwatira. Mtima wangawu uli ndi nthambi imodzi yokha, ndiwe."

Mtsikana wanji amene akanatseka makutu? Mvula isanathe Rufina anali ndi pakati, ndipo anamukakamiza Geraldo kuti akamuonetse kwa bambo ake.

A Kondi anamulandira Rufina ngati mlendo wolemekezeka. Anamukhazika pampando, anamupatsa tiyi m'galasi, kenaka m'Chinyanja chawo chopunduka anamupempha kuti atchule makolo ake. Apa Rufina anawongola msana, poti izi ankazidziwa kuposa katekisimu. Anatchula mayi ake, mayi wa mayi ake, amene anabala ameneyo, mpaka mayi uja anathawira kuphiri ndi mwana kumsana pa nkhondo ya Angoni. Mkuluyo ankangogwedeza mutu.

"Nanga bambo wa bambo ako?"

Rufina anaseka. Anati ameneyo ndani angamukumbuke? Kwawo mwamuna amabwera, amamanga nyumba, amalima, nthawi zina amapita. Mwana ndi wa kuchikazi, mwini wake ndi malume.

A Kondi anaimirira, napsompsona dzanja lake monga amachitira azungu, namuperekeza mpaka pakhonde. Rufina anatsika masitepe ali ndi chimwemwe kuti wapambana mayeso. Sanaone kuti njira yonse Geraldo sanamutchule duwa ngakhale kamodzi.

Chinkhoswe anachiika pambuyo pa zokolola. Kuchimuna nkhoswe anali a Timóteo, mlongo wa malemu mayi a Geraldo. Kutatsala mwezi, Geraldo anatsikira ku Tete, ati kukagula nsalu yoyenera mkazi wake.

"Ukadzafunda tsikulo, Nabanda, usadzadandaule. Ngakhale akubise pakati pa akazi zana, ndidzakudziwa ndi kapumidwe kokha."

Tsikulo linafika ndi mphepo yozizira. Mowa unaphikidwa, msoti unamangidwa miyendo kudikira tambala wochokera kuchimuna. Monga mwa mwambo, Rufina anamufunditsa nsalu kuyambira kumutu mpaka kumapazi, pamodzi ndi asuweni ake awiri, Zita ndi Cacilda, kuti mkamwini adzasankhe yekha wake ndi kumuvundukula. Atatuwo anakhala pamphasa pabwalo, Zita akutsina anzake ndi kuseka chapansipansi.

Dzuwa linakwera. Nyimbo zinayamba kutopa. Pansi pa nsalu Rufina ankangoona zala zake za kumapazi ndi fumbi.

Kenaka anamva njinga imodzi. Imodzi yokha! Nthungululu inayamba, n'kuduka pakati. Panalibe kulira kwa tambala.

Anamva malume ake, a Luís, akulonjera mlendo, ndipo anazindikira mawu a a Timóteo, otsika ngati a munthu wodzanena maliro. Anati Geraldo sabwera. Anakwatira Loweruka lapitalo ku Tete, m'tchalitchi, mwana wa Mputukizi wina wa sitolo. Ukwatiwo padri anali ataulengeza kale masabata angapo, nthawi imene kuno ankaviika chimera. A Kondi anali atamuuza mwana wawo kuti akatenga mkazi wodziwa makolo ake aamuna, adzamujambulira nthambi yake. Dzulo lomweli a Timóteo anaiona ndi maso awo, utoto usanaume.

A Luís anafunsa za mimbayo.

A Timóteo anakhosomola. "Ndinafunsa, achimwene. A Kondi akuti palibe chovuta. Akuti mtsikanayo anawauza yekha kuti kuno mwana ndi wa kuchikazi, ndipo iwo safuna kuswa mwambo wa eni dziko."

Pabwalo msoti wokha ndi umene unkaphupha.

Zita anatuluka m'nsalu yake mwakachetechete, Cacilda naye chimodzimodzi. Panatsala mulu umodzi pamphasa. Amayi ankayang'anana, chifukwa womuvundukula mkwatibwi ndi mkamwini, ndipo palibe anadziwa kuti zikatere amatero ndani. Mayi ake a Rufina anayandikira, natambasula dzanja, koma analibweza.

Rufina anakhala momwemo kanthawi, mwana akugunda m'mimba. Kenaka anagwira m'mphepete mwa nsalu ija, naikoka yekha. Maso ake anali ouma. Anaipinda bwinobwino, naiika pamiyendo ya a Timóteo.

"Mukamupatse Geraldo. Mukamuuze kuti ndadzipeza ndekha."

Anamasula msoti uja miyendo, nalowa m'nyumba.