Nyundo ya Chigamba

Chigamba anali wowongola magalimoto, koma moyo wake womwe unali wopindika. Dzinali anam'patsa ndi anzake a pagalaja chifukwa chilichonse chake chinali chachigamba: ovolosi, denga, ngakhale ketulo. Ankakhalira kumenya malata a minibasi zogundidwa, eni ake n'kumamulipira ndi "tionana mawa". Kunyumba kunali mkazi wake ndi mwana mmodzi yekha, mtsikana amene ankaseka ngati umphawi ndi wa anthu ena. Mwana ameneyu ndiye anali mtima wake.

Tsidya la msewu kunali mnzake amene anaphunzira naye ntchito, wotchedwa Wamagalasi. Iyeyu anaitanitsa kagalimoto kuchokera ku Japan n'kumakabwereketsa pa maukwati. Kanali ndi nyali zozungulira ngati maso a mwana, mphuno yonyezimira, maonekedwe a magalimoto a azungu akale. Akwati ankachita kulimbirana.

Tsiku lina kanabwera kwa Chigamba katafwaphika bampala. Atatsegula boneti anaseka chowawa mtima, chifukwa m'kati munali kagalimoto wamba ka m'tauni, komwe ankakakonza tsiku ndi tsiku. Wamagalasi anam'fotokozera monyada kuti kuli kakampani kakang'ono kamene kamagula timagalimoto totere, n'kuchotsa kutsogolo ndi kumbuyo, n'kuumba nkhope yatsopano ndi manja. Anthu amalipira nkhopeyo basi.

Chigamba anayesa yekha pa chigoba china cha galimoto. Chinatuluka ngati nkhumba yotupa tsaya, ndipo msewu wonse unamuseka. Kaduka kanamudya mpaka chakudya chinaleka kutsika.

Sing'anga amene anamuuza anthu ankakhala kuseri kwa shopu ya matayala akale. Anali bambo waukhondo, wa malaya ositidwa bwino, ndipo zimenezi zinamuopsa Chigamba kuposa mikanda ndi nsupa. Atamva dandaulo lake, anatulutsa kanyundo kokulungidwa m'nsalu yofiira.

"Nkhope siichokera m'chitsulo, mwana wanga. Imachita kubwerekedwa."

"Kwa ndani, bambo?"

"Kwa wa magazi ako. Pomenya koyamba, nkhope imene ili m'maganizo mwako ndi imene nyundo idzatenge."

"Nanga mwini nkhopeyo?"

"Iwe wabwerera magalimoto kapena mwini nkhope?"

Chigamba anakumbukira amalume ake amene analanda zipangizo za malemu bambo ake, ndipo anatambasula manja.

Kanalidi ndi kamzimu kanyundoko. Lata linkafewa ngati dongo. Galimoto yoyamba inatuluka ndi chipumi chachikulu ndi nyali zoyang'ana mwaulemu, mwini sitolo wina n'kuigula penti isanaume n'komwe. Sabata yomweyo uthenga unafika woti amalume adwala matenda achilendo. Nkhope yawo inangoti zii, osaseka, osalira, osazindikira munthu. Sanakhalitse.

Chigamba anachita mantha, koma zokoma sizikuti leke. Anatsatira azakhali, kenako msuweni, kenako mng'ono wake amene ankakonda kupempha. Galaja inakula, inakhala ndi geti ndi chipinda chakechake chopoperamo penti. Wamagalasi anayamba kum'patsa moni atavula chipewa. Ogula ankati magalimoto a Chigamba amakuyang'ana ngati akukudziwa, iye n'kumangoseka ndi mano okha. Anakhazikitsa lamulo lakuti akamaumba nkhope chitseko chizikhala chokiya, ndipo wa m'banja asayandikeko.

Mkazi wake sanali wogona. Anaona kuti pa maliro aliwonse mwamuna wake ankakana kukaona nkhope ya malemu, ndipo podutsa galimoto imene anapanga yekha ankatembenukira kukhoma. Atam'funsa, Chigamba anakalipa kuti akazi sayamika, kale ankadandaula njala, lero akudandaula kukhuta. Koma atatsala yekha anawerenga m'mutu abale amene atsala. Pafupi panali patatsala mwana wake.

Anabwerera kwa sing'anga uja ndi nyundo m'thumba.

"Ndatopa nayo, bambo. Ilandireni."

"Ine sindilandira. Kaiponye mumtsinje, siibwereranso."

"Basi?"

"Basi. Koma geti, galaja ndi nyumba zidzaitsatira. Udzavalanso ovolosi yako ija."

Chigamba anakaima pa mlatho nthawi yaitali, dzanja lili m'thumba. Anaganiza za mwana wake, n'kuganizanso za kuseka kwa msewu wonse kuja. Pomaliza anadziuza kuti apange imodzi yokha yotsiriza, popeza mwini hotela wina anali atabweretsa kale galimoto yoti azibwereketsa pa maukwati ndipo sankanenerera mtengo. Anabwerera nayo nyundo.

Anasankha msuweni wina wakutali amene anamuona komaliza ali ana. Tsikulo kunatentha kwambiri, ndipo fungo la penti linadzaza chipinda mpaka mutu unayamba kumuwawa. Wowongola aliyense amadziwa chochita zikatere: Chigamba anatsegula chitseko pang'ono kuti mpweya ulowe. Anaika lata pa chitsulo, anatsinzina, nayamba kufunafuna nkhope ya msuweni uja. Inkabwera mphuno, maso n'kuthawa. Inkabwera milomo, chipumi n'kusowa. Atatopa anakweza nyundo, poganiza kuti zimene wapezazo zikwana.

"Ababa, ndakhoza! Anditenga kusukulu ya unamwino!"

Anatsegula maso. Mwana wake anali pakhomo, kumwetulira kuli mbee, chimwemwe chitamuiwalitsa lamulo. Dzanja linali litayamba kale kutsika, ndipo nyundo inagunda lata.

Chigamba anaitaya pansi n'kuthamangira mwanayo. Anam'gwira mapewa, anamuitana, anam'gwedeza. Kumwetulira kuja kunali kukuzima iye akuona, ngati nyali ya galimoto yotha batire. Kumbuyo kwake lata linali kudzipinda lokha.

Madzulo asanafike anakaponya nyundo mumtsinje, koma madzi akatayika saoleka. Anazungulira zipatala ndi mwanayo mpaka galaja ndi nyumba zinapita, madokotala osapeza kanthu. Mtsikanayo anamwalira osatchulanso dzina la munthu. Mkazi wa Chigamba atamva zoona zake analongedza n'kubwerera kwawo, osam'tukwana n'komwe.

Mwini hotela atabwera kudzatenga galimoto yake, Chigamba anagona kutsogolo kwa matayala akulira kuti asam'tengere mwana. Anthu anachita kum'koka. Kuyambira pamenepo mutu wake sunabwererenso. Amayendayenda m'misewu ndi kansanza m'manja, ndipo akamva kulira kwa mahutala a magalimoto a ukwati amathamangira, kusuzumira kutsogolo kwa galimoto iliyonse. Akaipeza, amapukuta nyali zake mosamala n'kuifunsa ngati yadya.

Abale anga, umphawi umawawa, koma sudya mwana wa munthu. Chuma cha zizimba chimayamba ndi amene sumukonda, n'kumalizira amene sungathe kukhala popanda iye. Chigamba anapatsidwa mpata wobwerera, koma dyera linamuuza kuti kamodzi kokha sikapha. Amene ali ndi banja lomusekerera akhutire ndi thukuta lake.