Chingwe cha Nsapato M'buku la Amayi

Izi sindinachite kumva kwa munthu. Zinachitika m'nyumba ya makolo anga, pabalaza, dzuwa lisanalowe n'komwe. Achimwene anga okonza magetsi, amene sakhulupirira chinthu chopanda waya, anadzimvera okha. Mukawafunsa amangoti, "Kafunseni mlongo wangayo," koma sanatsutsepo.

Amayi amakonda mabuku a mtundu umodzi wokha. Muyenera kukhala chinyumba chakale chosanja, chipinda chokhoma chimene aliyense amaletsedwa kulowamo, mtsikana wobwera kudzagwira ntchito, ndi mwini nyumba wooneka bwino koma wosaseka, amene mkazi wake anafa imfa yosamveka bwino. Matenda a shuga atawawononga maso, abambo ndi amene anayamba kuwawerengera. Abambo anali osoka nsapato. Akaweruka ankasamba m'manja, fungo la polishi ndi guluu osachoka, n'kukhala pampando wa pawindo kuwerenga mpaka zilembo zitasiya kuoneka. Polekeza ankaikapo chingwe chakuda cha nsapato.

Mabukuwo ankawanyoza koopsa. "Koma mtsikana ameneyu mutu wake ukuyenda bwino? Wamva munthu akulira kudenga, osanyamula chikwama chake n'kumapita kwawo bwanji?"

"Akapita ndiye kuti buku latha," ankatero amayi. "Tawerengani, inu."

Tsiku lina ndinawafunsa amayi chimene amakondera nkhani zoopsa chotere, pomwe iwo ngakhale mphemvu amaithawa. Anati, "Mwanawe, m'mabuku amenewa munthu akakukonda sachoka. Ngakhale amwalire, amangosamukira m'chipinda chapamwamba." Tinaseka tonse, abambo mpaka kutsamwa.

Abambo anamwalira buku lina lili pakati. Ndinabwerera kunyumbako kuti ndizisamalira amayi, ndipo bukulo linakhalabe pampando paja, chifukwa amayi analetsa kulisuntha. Nditawauza kuti ndiwamalizire ine, anakana. Anati ndimawerenga ngati ndikuthamangitsidwa ndi galu.

Patapita masabata angapo, tikudya madzulo, amayi anangoti, "Ukudziwa kuti kiyi wa chipinda chokhoma uja anali ndi mayi wosunga nyumba? Ndinkanena ine. Bambo ako ankatsutsa."

Ndinameza chakudya chosatafuna. Atapita kukagona ndinatsegula bukulo. Chingwe chinali chitasuntha. Pamasamba amene chinadumphawo m'pamene mayi wosunga nyumbayo ankatulutsa kiyi m'thumba la malaya ake. Amayi saona ngakhale dzanja lawo, ndipo m'nyumbamo munalibe wina aliyense wowerenga.

Mawa lake, dzuwa litapendeka, ndinaima pakhonde la mkati zovala zoanula zili m'manja. Chitseko cha pabalaza chinali chotseguka pang'ono. Wailesi ya kwa aneba inkamveka, kenako inati zii. Mpando wa pawindo unalira monga umalirira munthu akakhalapo. Fungo la polishi linandipeza pomwe ndinaimapo. Wina anakonza kukhosi, kawiri, monga ankachitira abambo asanayambe.

Mawu sindinawamve. Ndinamva tsamba likutembenuka.

"Ehe," anatero amayi chapansipansi. "Asalowemo ameneyo."

Tsamba linanso. Amayi anaseka.

Ndinawaitana achimwene. Anabwera ndi bokosi lawo la zipangizo, anayang'ana windo, anagwedeza mpando, n'kundiuza kuti ndi mphepo komanso chisoni. Ndinawapempha kuti angodikira nane pakhondepo. Mpando utalira, anandiyang'ana. Kukhosi kutamveka, anavula chipewa.

"Awo ndi abambo," ananong'ona. Anapita kwawo bokosi lija ataliiwala.

Kunena zoona, abambo sindinkawaopa. Munthu amene ankanditenthetsera madzi osamba ndili mwana, ndingamuope chifukwa choti wamwalira? Chimene chinkandisowetsa tulo chinali bukulo. Masamba a kumanja ankachepa tsiku ndi tsiku. Nditawafunsa amayi kuti likatha zidzakhala bwanji, anayankha ngati akunena za nyengo. "Kaya. Bambo ako sankakonda kuyenda okha."

Basi ndinayamba kuba. M'mawa uliwonse, amayi akusamba, ndinkabweza chingwe m'mbuyo. Poyamba zinayenda. Amayi anangodandaula kuti, "Bambo ako akukalamba ngakhale kumene aliko. Sabata yonse akumukweza mtsikana uja masitepe omwewo."

Koma m'mawa wina, ndikuwapesa tsitsi, anandigwira dzanja. "Akuti usiye zimenezo. Kandulo ya mwana wa eni ake itha ali pamasitepe."

Ndinasiya. Mwana woleredwa bwino sayankha makolo, ngakhale mmodzi wa iwo ali kumanda.

Tsiku lomaliza kunagwa mvula yowaza. Ndinaima pamalo anga aja, opanda kanthu m'manja. Mpando unalira. Polishi. Kukhosi. Tsamba. Madzi ankadontha m'chidebe panja. Tsamba lina. Ndinkapemphera, koma sindikudziwa kuti ndinkapempha yani.

Kenako chikuto chinatsekeka.

Zii.

Ndinalowa. Bukulo linali pampando, chingwe chili pamwamba pake. Amayi anali atatsamira, mutu utapendekera paphewa, maso otseka.

"Amayi?"

Ndinawagwedeza paphewa.

"Amayi!"

"Zachabechabe," anatero. "Mzukwa wonse uja anali mchemwali wake wa malemu mkazi wa mwini nyumba, atavala diresi la malemuyo. Ndiye nthawi yonseyi timaopa munthu wamoyo?"

Ndinagwada n'kubisa nkhope pamiyendo yawo, ndikulira ndikuseka nthawi imodzi. Anandisisita pamutu n'kundinena kuti ndine wamantha ngati bambo anga.

"Nanga abambowo apita?" ndinafunsa.

"Khala chete. Akusankha lina."

Kuchipinda kwawo, kumene kuli shelefu, tinamva buku likusololedwa pakati pa anzake.

Kuchokera tsiku limenelo ndinachenjera. Timabuku tonse topyapyala ndinatichotsa pashelefu, ndinatiika m'katoni n'kukatisiya kwa achimwene, pamwamba pa kabati. Loweruka lililonse ndimapita kwa bambo wogulitsa mabuku akale kumsika. Sindiyang'ana mutu wa buku ayi. Ndimangoona kuti pachikuto pali chinyumba ndi mkazi akuthawa, kenako ndimaliyeza ndi dzanja. Bamboyo anandipatsa dzina loti Mayi Kilo, ndipo akandiona patali amayamba kutulutsa zimabuku zoti munthu n'kutchingira chitseko. Mvula yagwa, yakata, yagwanso. Amayi ananenepako, ndipo madzulo amadzola mafuta onunkhira asanakhale pabalaza. Nthawi zina ndimawamva akukangana ndi mpando wopanda munthu kuti mwini nyumbayo ndi wosalakwa, ndipo ndimawasiya, chifukwa nkhani za m'banja la eni sazilowerera.

Lachiwiri lapitali ndinalowa pabalaza m'mawa kuti ndisese. Buku lalikulu limene anali kuwerenga linali litabwezedwa pashelefu lisanathe. Pampando panali kabuku kena, kopyapyala, kamodzi mwa tija ndinachotsa. Ndinawaimbira achimwene pomwepo. Anakwera pampando kukaona, n'kubweranso pafoni mawu atasintha. Katoniyo inali pamwamba pa kabati pomwepo, yomata monga ndinaimatira, fumbi lake losakhudzidwa.

Chingwe chinali kale mkati.

Ndinatambasula dzanja kuti ndikatenge. Sindinawamve amayi akulowa, koma dzanja lawo linapeza mkono wanga ngati akuona. Linali lofunda, lonunkhira sopo.

"Kasiye, mwanawe," anatero. "Aka tasankha tonse awiri."