Bolodi Yoyamba

Fomu inkafunika kufika kwa okonza mpikisano isanakwane folo koloko, koma pofika hafu pasiti thuu Chisala anali asanalembe dzina ngakhale limodzi. Anakhala pa desiki ya kutsogolo m'kalasi ya Giredi 10, cholembera kukamwa, anzake atatu a timu ya chesi atamuzungulira. Kunja mphepo ya Julayi inkanyamula fumbi la m'komboni ya Mtendere n'kulithira pa mawindo.

Aphunzitsi awo a chesi, ba Ngosa, anali atapita kumaliro ku Kasama. Ponyamuka anamusiyira Chisala fomuyo, popeza ndiye anali kaputeni, n'kumuuza mawu ochepa chabe: "Ulembe maina kulingana na retingi. Wapamwamba pa bolodi yoyamba." Atatero anathamangira basi, ndipo kuyambira tsiku limenelo foni yawo sinkapezeka.

Kwa amene simudziwa, retingi ndi nambala yosonyeza mphamvu za wosewera chesi. Ukapambana imakwera, ukagonja imatsika. Pa mpikisano wa matimu sukulu iliyonse imabweretsa anthu anayi, ndipo wa pa bolodi yoyamba amakumana ndi katswiri wa sukulu inayo. Maina akangolembedwa n'kuperekedwa, basi, sasinthidwanso. Loweruka la sabata imeneyo masukulu anayi ankalimbirana malo amodzi okha opitira ku mpikisano wa chigawo chonse cha Lusaka. Sukulu yawo inali isanafikeko chiyambire.

Amene ankawafuna kwambiri malowo anali Emelda, mtsikana wa Giredi 12 wochokera ku Kalingalinga. Anali atayesa zaka zitatu zotsatizana, ndipo chimenechi chinali chaka chake chomaliza. Iye anali ndi retingi ya FIDE, bungwe loyang'anira chesi padziko lonse. Inali 1580, yopezeka m'maholo ozizira, pa masewero a maola atatu, akulimbana ndi azibambo a ndevu.

Chisala naye anali ndi nambala yake, 2050. Anaipezera pa foni ya mkulu wake, pa masewero a mphindi zitatu, akulimbana ndi anthu a kumaiko amene sanawaonepo. Chesi ankaitha ndithu mnyamatayo, tisamunamizire. Vuto linali pakamwa. Ankadziwa pamtima akatswiri khumi apamwamba padziko lonse ndi manambala awo, ndipo ukangomupatsa moni, wayamba kukuwerengera. Koma pa mpikisano weniweni, wokhala ndi wotchi ndi woweruza, anali asanakhalepo. Ndi Emelda anali atasewera kawiri kokha, masewero achangu a pa nthawi yopuma, aliyense n'kupambana kamodzi.

"Iwe Chisala, lemba chabe, nthawi yasila," anatero Given, wa pa bolodi yachitatu, amene m'mimba munali mutayamba kale kulira.

"Nizalemba. Ba ticha banakamba kuti kulingana na retingi. Ine nili na 2050, ba Emelda bali na 1580. Masamu ya Giredi 2 aya."

Emelda anaika chikwama chake pansi. Sanali munthu wokweza mawu. "Chisala, manambala aya si ya mtundu umodzi. Amayi banga bagulitsa nsapato za salaula, zija zovalidwa kale, pa maliketi. Nsapato ina yalembedwa 8, ina yalembedwa 42, koma phazi ni limodzimodzi. Manje iwe ufuna kukamba kuti wa 42 ali na phazi lalikulu kasanu?"

Given anaseka mpaka kugwira desiki. Tiwo, kamtsikana kachete ka pa bolodi yachinayi, kanabisa nkhope m'juzi. Chisala makutu anatentha.

"Izo ni nsapato, ba Emelda. Apa tikamba chesi."

"Chabwino, tikambe chesi. Uja katswiri wako woyamba padziko lonse, pa mndandanda wa FIDE ali na zingati?"

"Apitilila 2800," anayankha Chisala msangamsanga, chifukwa funso lotere sakanalisiya kuti lidutse.

"Nanga pa foni?"

Chisala anazengereza. "Apitilila 3000."

"Waona? Munthu m'modzi, manambala awiri. Olo FIDE yeka ili na mindandanda itatu, wa masewero aatali, wa achangu, na wa achangu maningi. Wina ankhala wachitatu uku, kwina wa nambala twente. Nambala ikamba chabe za anthu amene unasewera nao, na mwamene munasewelela. Ukafuna kulinganiza, tenga za pa mndandanda umodzi."

"Manje ngati ni choncho, nanga n'chifukwa chani ninakumenyani pa buleki?"

"Unabweza kavalo kawiri utamuyendetsa kale, ine ninakulekelela."

Zinali zoona, ndipo n'chifukwa chake zinamuwawa. Chisala anaona Given akusekabe, anaona Tiwo akuyang'ana pansi, ndipo mtima unauma gwa. Mnansi anali atamutsina khutu, koma iye anangomva kupweteka kwa khutulo. Anachotsa cholembera kukamwa n'kulemba dzina lake pamwamba ndi zilembo zikuluzikulu, la Emelda pansi pake.

Emelda anayang'ana fomuyo kwa kanthawi. "Ku Chawama kuli Nkandu pa bolodi yoyamba. Nimudziba mwamene asewelela. Koma ndiwe kaputeni." Ananyamula chikwama n'kupita ku maphunziro ake owonjezera.

Loweruka m'mawa anakumana mu holo ya tchalitchi china ku Kalingalinga. Munali matebulo aatali okutidwa ndi nsalu zoyera, ndipo pambali pa bolodi iliyonse panali wotchi ya mabatani awiri. Woweruza anali ba Kalumba, bambo wamfupi wa magalasi, amene analongosola malamulo mosamwetulira. Aliyense anali ndi mphindi 25. Ukayendetsa kanthu, udine batani kuti nthawi yako iime. Ukagwira kanthu, uyenera kukayendetsa. Masukulu awiri akafanana mapointi, yopambana pa bolodi yoyamba ndiyo yapambana. Chisala ankamvetsera ndi khutu limodzi, maso ali pa kapu ya opambana yomwe inali pa tebulo la kutsogolo.

Masewero oyamba anapambana, ngakhale anaiwala kudina batani katatu konse, mphindi zake zikungotayika pamene mnzakeyo anakhala phee ngati sakuona. Pa foni wotchi imadziimitsa yokha, ndiye dzanja lake linali lisanaphunzire ntchito imeneyi. Achiwiri anafanana mphamvu ndi mnyamata wa ku Bauleni, thukuta lili kamukamu ngakhale kunkazizira. Koma Emelda ankapambana mosavuta, Given ndi Tiwo akuthandizira, ndipo pofika masana sukulu yawo inali itagonjetsa masukulu awiri. Ya ku Chawama nayo inali itagonjetsa awiri omwewo. Zonse zinatsalira pa masewero omaliza.

Nkandu anali mnyamata woonda, wovala juzi yaikulu yomwe manja ake anaipinda kawiri. Chisala anasuzumira pa pepala lomatidwa kukhoma, n'kuona 1610 pambali pa dzina lake. Anamugunda Given ndi chigongono. "Mudala, uyu nizamusiliza tisanamve na njala."

Poyamba zinkaoneka ngati anena zoona. Chisala ankayendetsa zinthu zake mwachangu, pha, pha, pha, ndipo posakhalitsa anali atamupanikiza Nkandu pakona. Nkandu sankafulumira. Ankakhala atagwira tsaya, manja kutali ndi bolodi, mpaka atatsimikiza. Pa bolodi yachiwiri Emelda anamaliza m'mphindi khumi ndi zisanu zokha, chifukwa anamupatsa mnyamata wongoyamba kumene. Anaimirira n'kubwera kudzaima kumbuyo kwa Chisala. Patapita nthawi Given anagonja, kenako Tiwo anapambana. Ziwiri kwa imodzi. Chisala akanangofanana mphamvu ndi Nkandu, ulendo wa ku mpikisano wa chigawo unali wawo.

Ndiye anaona kaponi, kamsilikali kakang'ono ka Nkandu, kali kopanda mlonda pakati pa bolodi. Dzanja linapita lokha. Ananyamula kwini wake, mfumukazi ya pa bolodi, n'kumuyendetsa m'mwamba kulunjika pa kaponiko, ndipo ali m'mwamba momwemo anaona chimene anali asanaone: Nkandu anali atalozetsa kale poni ina pa kavalo wa Chisala. Akapanda kumuthawitsa nthawi yomweyo, kavaloyo wapita. Anabweza kwini pamalo pake, monga ankachitira kambirimbiri ndi chala pa galasi la foni, n'kugwira kavalo.

Nkandu anaimitsa wotchi n'kukweza dzanja.

Ba Kalumba anabwera mosathamanga. Nkandu anafotokoza ndi mawu otsika, ndipo woweruzayo anatembenukira kwa Chisala. "Mwana wanga, kwini unamugwila?"

Ba Kalumba sanaone, anali kumapeto ena. Chisala akanatha kukana, ndipo maganizo amenewo anamufikira ndithu. Koma ankamva kupuma kwa Emelda kumbuyo kwake, ndipo ankadziwa kuti iyeyo waona zonse.

"Ninamugwila," anatero. "Koma sininamuike pena, ba Kalumba. Ninamubweza pamene enze."

"Wagwila, wayendetsa. Ninakamba kuseni. Yendetsa kwini."

Chisala anafufuza bolodi yonse kuti apeze malo amene kwini angaime n'kuteteza kavalo. Panalibe. Anayendetsa kwini, Nkandu anatenga kavalo mwaulemu ngati akutola chinthu chogwa, ndipo kuchokera pamenepo zinthu zinayamba kugumuka. Chisala anachita mantha, ndipo mantha anamuthamangitsa. Anataya bishopu, anaiwalanso batani, ndipo atakweza maso anapeza kuti watsala ndi masekondi makumi awiri pamene Nkandu anali ndi mphindi zisanu ndi ziwiri. Sanadikire kuti amalizidwe. Anagoneka mfumu yake pa bolodi n'kupereka dzanja.

Ziwiri kwa ziwiri. Ba Kalumba analengeza kuti malinga ndi lamulo la bolodi yoyamba, sukulu ya ku Chawama ndiyo ipite. Ana a ku Chawama anakuwa mpaka mayi wina wosesa m'tchalitchimo anawakalipira.

Nkandu sanakuwe nawo. Anayamba walongedza zinthu za pa bolodi, kenako anamupatsa moni Emelda. "Ba Emelda, ine sininagone bwino sabata yonse. Nenze kuganiza kuti nizakumana na imwe. Munanimenya kawiri chaka chatha." Anatembenukira kwa Chisala. "Iwe usewela bwino, boi. Poyamba unanivutitsa. Usewela maningi pa foni, ai?"

"Nili na 2050," anatero Chisala, koma mawu anatuluka ofooka.

"Ni yabwino. Ine nili na 2190. Koma ija siiwelengewa kuno." Ananena mopanda chipongwe, n'kuthamangira anzake.

Given ndi Tiwo anakwera minibasi ya ku Mtendere. Chisala sanakwere. Anatsatira Emelda wapansi, kudutsa pamene akalipentala amayala mabedi ndi zitseko m'mbali mwa msewu. Anthu owotcherera mageti anali akugwirabe ntchito, moto ukuthetheka. Anayenda mtunda wautali, iye ali masitepe awiri kumbuyo. Ankawerengera mumtima, ndipo kulikonse kumene ankayambira yankho linkabwera limodzimodzi. Mnyamata wa pa bolodi yachiwiri uja iye akanamugonjetsa ndi dzanja lamanzere. Emelda akanakhala pa bolodi yoyamba, bwenzi pano akuimba.

Pa mphambano yolowera kwawo, Emelda anaima.

"Ba Emelda," anatero Chisala, "munikhululukile. Munaniuza, ine sininamvele."

Emelda anapukuta m'maso ndi mkono wa juzi. Sanabise kuti akulira. "Sinizakunamiza kuti vili bwino, Chisala. Nakalipa. Mtima uwawa. Zaka zitatu nenze kuyembekeza tsiku ili, na lelo tenze pafupi kuchila masiku yonse." Anapuma pang'ono. "Chimodzi chabe unachita bwino. Sunaname kuli ba Kalumba. Ukananama, sembe sinikukambitsa na manje."

"Chaka chamawa nizasewela bwino. Nizaphunzila wotchi, nizaphunzila vonse. Tizapita."

"Muzapita, kapena. Given na Tiwo bali bwino, ubasunge." Anakonza lamba wa chikwama paphewa. "Koma ine chaka chamawa kulibe. Bolodi yoyamba ni yako manje. Palibe wina azakutsutsa."

Analowa m'kanjira ka pakati pa nyumba, osacheuka. Chisala anatsala ataima pamphambanopo mpaka munthu wina wokankha wilibala anamukuwira kuti achoke panjira.