Mwendo Waulesi wa Nguli

Mtsikana uyu sankadutsa pakhomo osazungulira. Polowa, ankazungulira. Potuluka, ankazungulira. Ngakhale atanyamula mbale, ankazungulira. N'chifukwa chake onse ankamutcha Nguli.

Nguli ankazungulira ndi mwendo umodzi wokha. Unali mwendo wakumanja. Sokosi yakumanja inkabooka sabata iliyonse. Chala chachikulu chinkasuzumira panja.

"Yabookanso?" anafunsa amayi. "Kodi phazi lakoli lili ndi mano?"

Nguli anali m'gulu la ana ovina. Gululo linaitanidwa kukavina kumzinda wina. Nguli ankafunitsitsa kukwera nawo basi.

"Basi inyamuka pakatha masabata anayi," anatero aphunzitsi a gule. "Koma aliyense ayambe wayezedwa. Amene miyendo yake sinakonzeke atsala."

Lolemba kunabwera adokotala a mafizo. Ntchito yawo inali kulimbitsa thupi kuti lisavulale. Analibe jakisoni. Anali ndi pepala ndi cholembera basi.

"Vula nsapato," anatero. "Ima ndi mwendo umodzi. Ndiwerenga mpaka makumi awiri."

Nguli anaima ndi wakumanja. Anaima njii ngati mtengo. Makumi awiri anakwana.

"Tsopano mwendo winawo."

Mwendo winawo Nguli ankaudziwa bwino. Anatembenuka msanga n'kupenya kukhoma. Anaimanso ndi wakumanja womwe uja.

Adokotala sanawerenge. Anayang'ana pansi.

"Moni, chala," anatero. "Taonananso."

Chala chachikulu chinali chikusuzumira pa sokosi.

Nguli anachita manyazi. Anaima ndi wakumanzere. Mwendo unanjenjemera. Chimodzi, ziwiri, zitatu. Pa zinayi, Nguli anagwira khoma.

Adokotala anadina bondo lakumanja. "Apa pamapweteka?"

Nguli anafuna kukana. Koma chala chinali chitamuulula kale.

"Pang'ono," anayankha. "Ndikavina kwambiri."

"Wakumanjawu ukugwira ntchito ya awiri," anatero adokotala. "Watopa. Wakumanzerewu ndi waulesi. Ukadumpha n'kutera ndi umenewu, ukhoza kuubinya."

"Ndiye nditsala?"

"Lero sindikuchonga. Ndibweranso pakatha masabata atatu. Uudzutse waulesiwo."

Adokotala anamuonetsa zochita. Potsuka mano, aziima ndi wakumanzere. Azitola zitsekerero za mabotolo ndi zala za kuphazi. Asanavine, azitenthetsa thupi. Ndipo wakumanja upume, osazungulira nawo.

Kunyumba, Nguli anamwaza zitsekerero pansi. Anatola chimodzi. Chinagwa. Anatolanso. Chinagwanso. Kachitatu, chinalowa m'kapu.

Kenako anaima ndi wakumanzere. Anafika pa zisanu.

"Zophweka izi," anatero abambo. Ananyamula mwendo. Anadzandira. Anagwera pa sofa.

"Mwafika pa zingati?" anafunsa amayi.

"Sofayi yandikoka," anatero abambo.

M'mawa, Nguli ankaima. Madzulo, ankaima. M'mawa, ankatola. Madzulo, ankatola.

Sabata yoyamba anafika pa zisanu ndi ziwiri. Sabata yachiwiri anafika pa khumi ndi ziwiri.

Chovuta chinali pakhomo. Nguli akafika pakhomo, mwendo wakumanja unkanyerenyesa. Unkafuna kuzungulira. Nguli ankaumenya kambama. "Iwe, puma." Ndipo ankadutsa bwinobwino.

"Mlendo waulemuyu ndi wa kwa yani?" anafunsa amayi.

Masabata atatu anatha. Adokotala a mafizo anabweranso. Nguli anavula nsapato. Anavulanso sokosi zonse ziwiri.

"Tiyambe ndi waulesi," anatero Nguli.

Anaima ndi wakumanzere. Adokotala anayamba kuwerenga. Zisanu zinadutsa. Khumi linadutsa. Pa khumi ndi zisanu, mwendo unagwedera. Nguli anapenya msomali wa pakhoma. Zala zinagwira pansi zolimba. Mwendo unakhazikika.

"Makumi awiri," anatero adokotala.

Nguli sanatsitse mwendo.

"Tsitsa mwendo, iwe. Anzako akudikira."

Kenako Nguli anadumpha. Anatera ndi wakumanja. Anadumphanso. Anatera ndi wakumanzere. Sanadzandire.

Adokotala anadina bondo. "Apa?"

"Sipakupweteka."

"Ndifunse chala?"

"Chifunseni," anatero Nguli.

Adokotala anaseka. Anachonga papepala. Ana onse anaomba m'manja.

"Ukhoza kuzungulira tsopano," anatero adokotala. "Koma uzisinthanitsa. Uwu kamodzi, uwo kamodzi."

Sabata yonse Nguli anazungulira pakhomo. Polowa, wakumanja. Potuluka, wakumanzere.

Tsiku la ulendo linafika. Chikwama chinali pabedi. Amayi anaikamo diresi lovinira. Abambo anaikamo botolo la madzi.

Amayi ananyamula kapu ya zitsekerero. "Izi nditaye? Ntchito yatha."

Nguli anaganiza pang'ono.

"Ayi, amayi. Ndipita nazo. Ndikasiya, waulesi uja ugonanso."

Anakhuthulira zitsekerero m'thumba la chikwama.

Amayi anatenga sokosi kuti apinde. Anapisa chala mu yakumanja. Chinatulukira. Anapisa chala mu yakumanzere. Chinatulukiranso.

"Taonani, bambo ake," anatero amayi. "Tsopano mapazi onse ali ndi mano."

Anaikamo sokosi zina zatsopano. Nguli anakoka zipi mpaka kumapeto. Anabereka chikwama kumsana. Pakhomo, anazungulira kawiri.