Mtengo Wokhala ndi Nkhope ya Azakhali

Atelala amati zonse zinayamba tsiku limene Namatope anathira phala loyera pankhope pa azakhali ake. Mchimwene wake wa Namatope, amene amakonza njinga pafupi ndi msika, amakana. Iye amati anthu anali atayamba kale kudwala, madzi a pamjigo atasintha kakomedwe, ndipo mchemwali wakeyo anangopatsa anthu amantha nkhope yoti aziloza. Awiriwa akakumana amalonjerana bwinobwino, koma nkhaniyi saikhudza. Komabe pali zambiri zimene onse amavomereza.

Namatope linali dzina lomunyoza. Anapita kukoleji anthu akuyembekezera kuti abwerako namwino kapena mphunzitsi, koma anabwerako ndi luso lokonza nkhope za anthu a m'mafilimu: mabala abodza, nyanga, ukalamba wa munthu amene sanakalambe. "Sukulu yonse ija, kukaphunzira kupaka anthu matope," ankatero akamuona akudutsa. Iye ankaseka nawo, koma mawuwo ankamulowa. Choncho a filimu ina ya m'tauni atamupatsa ntchito yopanga mayi amene theka ndi munthu theka ndi mtengo, anabwera nayo kumudzi kumene kunali malo ndi mitengo, n'kudzitsekera m'shedi imene malemu bambo ake ankapaliramo matabwa. Sanauze munthu. Ankadziwa ndi atelala okha, amene ankamusokera masamba ansalu, ndi azakhali ake amene anamulera makolo atamwalira.

Madzulo ena azakhaliwo ankaanula zovala pachingwe, Namatope atakhala pakhonde. Dzuwa linawawomba cham'mbali, ndipo makwinya a patsaya pawo anaoneka ngati khungwa la mtengo wakale. Namatope anali atavutika kwa nthawi kuumba makwinya padongo, onse akutuluka ngati okanda ndi foloko.

"Azakhali, mundibwereke nkhope yanu."

"Yakoyo yatha ntchito?"

"Yanga ndi yosalala. Ndikufuna yamakwinya."

"Taonani mwana wopanda mwambo. Ndinakulera kuti uzindiwerenga makwinya?" Anapinda malaya n'kuwaponya m'beseni. "Ubweza liti?"

"Lero lomwe."

Ntchitoyi ili ndi njira yake. Munthu amakhala pampando, tsitsi n'kukutidwa ndi pulasitiki, nsidze n'kupakidwa mafuta kuti zisamatirire. Kenako nkhope yonse imathiridwa phala lozizira, kusiya timabowo ta mphuno tokha, ndipo pamwamba amakulungapo nsalu za pulasitala. Munthuyo saona, salankhula, amangomva kulemera ndi kutentha pulasitala akamauma. Chikombolecho chikachotsedwa, nkhope yake yonse imatsala mkati mwake, mpaka kachipsera kalikonse.

"Ukundikwirira ndili moyo," anatero azakhali phala lisanafike pakamwa. "Ukaona ndasiya kugwedeza chala, uitane abusa."

Namatope anaseka, ndipo m'kusekamo anaiwala kupaka mafuta nsidze ya kumanzere. Pochotsa chikombole, nsidzeyo inazuka yonse n'kutsalira mkati. Azakhali anadziyang'ana pagalasi, n'kunena kuti tsopano amuna a kumsika aziwaopa ndi nsidze imodziyo. Kutacha anapita kukatunga madzi ali choncho, ndipo akazi a pamjigo anawaseka nawonso akuseka.

Kuchokera m'chikombolecho Namatope anaumba chigoba chofewa cha labala. Anadinda makungwa enieni padongo kuti mizere yake ikhale yoona, anapanga mizu yotsika kuchokera kuchibwano mpaka pachifuwa, ndi manja aatali othera m'tinthambi. Nsidze ija inasamukira pachigoba, yokhayokha, ndipo anaisiya chifukwa inkaoneka bwino. Shedi inkanunkha utomoni wosakanikirana ndi fungo loswa mphuno la labala wamadzi, longa la mkodzo wogonera.

Aphunzitsi ake a kukoleji anamuphunzitsa kuti chigoba sachiweruzira m'nyumba. Ngati ndi cha mtengo, uchivale wekha, ukaime pakati pa mitengo yeniyeni dzuwa likulowa, uone ngati diso la munthu lingakusiyanitse nayo. Tsiku lina chisisira chitayamba, anamata zonse ndi guluu, natuluka chakuseri, nakaima m'nkhalango ya bulugama imene njira ya kumjigo imadutsamo.

Anadutsa ana asukulu, osamuona. Anadutsa bambo wina akukankha njinga, osamuona. Mtima wa Namatope unasefukira ndi chimwemwe. Kenako kunabwera mkazi wa mwini chigayo, ndowa pamutu, mimba itakula. Anaima pomwepo, munga utamubaya, natula ndowa, natsamira dzanja panthambi kuti azule mungawo. Nthambiyo inali mkono wa Namatope.

Mayiyo anamva kufunda. Anadzutsa mutu pang'onopang'ono, naona nkhope yodziwika ikutuluka m'khungwa, nsidze imodzi, maso awiri amoyo. Masowo anaphethira.

"Ndinu, mayi?" ananong'ona.

Liwu limodzi likanakwanira. Namatope akanati ndine, musaope, ndi ntchito chabe. Koma anaganiza za mudzi wonse ukumva kuti mkazi wamkulu, wa kukoleji, amavala makungwa n'kumabisala m'tchire. Anangoima chilili ngati mtengo, kudikira kuti mayiyo apite. Mayiyo anathawa, napunthwa pandowa yake, nagwa chafufumimba. Anadzuka n'kuthamangabe. Mimba inapita padera usiku womwewo, ndipo mayiyo anamwalirira kuchipatala, atanena kale kwa mwamuna wake nkhope imene anaiona.

Namatope anatsekera chigoba m'bokosi lachitsulo, kiyi n'kuvala m'khosi. Kumaliro anapita, anatunga madzi, anatsuka mbale, ndipo sanayang'ane munthu kumaso.

Kenako anamwalira mwana wa aphunzitsi a sitandade wani, atatsegula m'mimba masiku ochepa. Anatsatira mlonda wa kusitolo. Mchimwene wa Namatope amati wina akanapita ndi madzi a pamjigo kukayezetsa, nkhani ikanathera pomwepo, ndipo mwina akunena zoona. Koma anthu sankakamba za madzi. Ankakamba za phokoso la nthambi zikukanda malata pamalo pamene palibe mtengo. Ankakamba za tizidutswa ta khungwa topezeka pakhomo m'mawa. Mkazi wa mlonda analumbira kuti mwamuna wake asanadwale, m'nyumba munadzaza fungo la utomoni ndi mkodzo, mpaka anatsegula mawindo. Za fungo limenelo palibe amene anamuuza, ndipo iye m'shedi anali asanalowemo.

Ndipo mtengo uja anthu anapitiriza kuuona. Wina anauona kuseri kwa sukulu, wina pamlatho, nthawi zonse chisisira, nthawi zonse ndi nkhope yomweyo. Namatope ankamva zimenezi atagwira kiyi pachifuwa. Iye sanatulukenso nacho chigobacho. Anthu amantha amaona zimene amva, ankadziuza choncho, ndipo masana zinkamveka.

Azakhali akafika pamjigo, akazi ankachotsa ndowa zawo pamzere n'kuima patali. Kutchalitchi benchi lawo linkatsala lopanda munthu. Ana anayamba kugenda denga lawo. Iwo ankatola miyalayo m'mawa n'kuiunjika pakona.

Atelala anabwera kushedi tsiku lina masana, natseka chitseko.

"Iwe, ukudikira chiyani? Tulutsa chinthucho anthu achione."

"Ndichitulutsa."

"Liti? Atawawotcha?"

"Mwini chigayo akadziwa kuti ndinali ine…"

"Ndiye bola adziwe kuti ndi iwo?"

Atelala nawonso akanatha kukanena okha, ndipo amavomereza zimenezo akamafotokoza nkhaniyi: masamba aja anasoka ndi iwo, ndipo ankaopa kuti anthu awawerengera limodzi.

Madzulo a tsikulo Namatope anawapeza azakhali akusesa pakhonde. Anayamba kulankhula, koma iwo anamudula.

"Ndikudziwa. Ndinakuona ukutuluka chakuseri tsiku lija, ukuyenda ngati nkhuku yovala nsapato."

"Bwanji simunanene?"

"Kwa ndani? Nkhope ndinakupatsa ndekha, sunandibere." Anapitiriza kusesa. "Koma unati ubweza tsiku lomwelo."

Kutacha kunamveka kuti mchemwali wake wa mwini chigayo wadwala, ndipo anthu abwera madzulo kudzafunsa. Namatope anaganiza zoti awaonetse chilichonse: chikombole, dongo, guluu, ndi mmene amamatira chidutswa ndi chidutswa. Analowa m'shedi natsegula bokosi koyamba chitsekereni.

Apa ndi pamene awiri aja amasiyanirana kwambiri. Atelala, amene anali pakhomo la shedi, amati mizu ya chigoba inali ndi dothi lonyowa, ndipo pakati pa masamba awo ansalu panali tsamba limodzi laliwisi, lomera pakanthambi, limene iwo sanasoke. Amati Namatope analikoka, ndipo pamene linathothoka panatuluka madzi oyera. Mchimwene wake amati dothilo linali la tsiku loyamba lija, bokosi lachitsulo limachita thukuta, ndipo tsamba lingakodwe pachinthu chilichonse chimene chayenda m'nkhalango. Zonsezi n'zotheka. Chodziwika n'chakuti Namatope anakhala pansi nthawi yaitali, akuyang'ana chigoba, kenako akuyang'ana manja ake, ngati munthu amene sakukumbukira kumene anali dzulo. Pomaliza anachikulunga m'thumba la ufa lopanda kanthu n'kutuluka nalo.

Anthu anafika dzuwa likupendeka. Sanabwere ndi phokoso. Anaima pabwalo m'magulumagulu, amuna kutsogolo, ena atabisa manja kumbuyo. Kunkamveka fungo la petulo, koma palibe amene ankaoneka atanyamula chigubu. Azakhali anatulutsa mpando n'kukhala pakhonde. Namatope anakhala pansi pambali pawo, thumba lili pamiyendo.

Mwini chigayo anali ataonda, malaya akulendewera. Sanakalipe.

"Mayi, ine sindinabwere kudzakangana. Mkazi wanga sankadziwa kunama. Ananena kuti anakuonani."

"Ndamva kuti anatero," anayankha azakhali.

"Ndiye mukuti bwanji?"

"Ndikuti Mulungu amulandire."

Anthu anang'ung'udza. Wina kumbuyo anati asatitayitse nthawi. Mwini chigayo anakweza dzanja, natembenukira kwa Namatope.

"Achemwali, inu munapita kusukulu. Mumagona m'nyumba muno. Mkazi wanga ankakukondani, ankati mukadzapeza nthawi mudzamukonze kumaso ajambulitse ndi mwana. Inu simungandinamize. Pali chimene mukudziwa?"

Thumba linali lofunda pamiyendo pake, kaya ndi dzuwa kaya ndi chiyani. Mchimwene wake amati anachita mantha basi, ndipo palibe dzina lina loti n'kupatsa zimenezo. Atelala amati si mantha okha: amati pofika nthawi imeneyo Namatope sankadziwanso ngati kutsegula thumbalo kukanayeretsa azakhali ake kapena kukanawotchetsa onse awiri, chifukwa munthu amene wataya mkazi ndi mwana ukamuonetsa nkhope ya mayi wamoyo itasendedwa n'kusungidwa m'bokosi, sangaione ngati ntchito ya filimu. Onse awiri ali ndi mfundo. Mwini chigayo anali adakali chiimire, akudikira.

"Palibe chimene ndikudziwa," anatero Namatope, maso ali pansi.

Pamene anaweramitsa mutu, tsitsi linasuntha, ndipo kuseri kwa khutu lake kunaoneka kachidutswa ka khungwa la labala kamene kanamatirira pomwe ankakulunga chigoba. Mkazi wa mlonda, amene anaima pafupi, anayamba kusuzumira. Azakhali anaona. Ananyowetsa chala ndi malovu, monga ankachitira akamamukonzekeretsa kusukulu, napukuta kuseri kwa khutulo mwamphamvu, kachidutswako n'kukafumbata m'dzanja.

Kenako anaimirira, akugwira msana.

"Mwanayu musiyeni, sadziwa kanthu. Amangodziwa matope ake." Anayang'ana mwini chigayo. "Petulo wanuyo kasungeni, ngwodula. Lole ya mbatata ikamadutsa m'mawa, ine ndikwera. Nyumbayi ndi ya malemu achimwene anga, musaikhudze."

Analowa m'nyumba kukamanga katundu. Namatope anatsala pakhonde, manja onse awiri atapanikiza kukamwa kwa thumba, mpaka munthu womaliza atachoka pabwalo.