Mulu wa Husna Ukupsa

Husna ankakhala pafupi ndi msika wa Chonde. Kuseri kwa nyumba yawo kunali nthochi imodzi. Amene anaidzala ndi abambo ake.

Chaka cha namondwe, madzi anasefukira. Anatenga dimba. Anatenga nthaka yabwino. Anatenganso abambo a Husna. Pakhomo panatsala mchenga ndi nthochi ija.

Nthochiyo inkadwala. Masamba ake anali achikasu. Husna ankafuna kuti ichire.

"Amayi, nthochi ya ababa ili ndi njala," anatero Husna.

"Mumchenga mulibe chakudya, mwanangu," Amayi anayankha. "Ikufuna manyowa. Koma ife ng'ombe tilibe."

Amayi ankagulitsa zinanazi zosenda pamsika. Makoko ankangotayidwa. Husna anawatola. Anawaunjika kuseri kwa nyumba. Anathirapo makoko a nthochi. Anathirapo mpiru wofota. Zaziwisi, zaziwisi, zaziwisi zokhazokha.

Kenako kunabwera chiperoni. Mvula inkangowaza. Phiri linabisala m'nkhungu. Mulu unanyowa. Mulu unaterera. Mulu unanunkha. Unanunkha zedi! Ngakhale mbuzi zinkalambalala. Ntchentche zokha ndi zimene zinkasangalala.

Amayi anagwira mphuno.

"Husna, pa Ijumaa, Lachisanu likubwerali, kubwera alendo. Muluwu ukautaye kudzala."

Husna anakhala pansi pa nthochi. Analira. Mulu ukachoka, nthochi ya ababa idzadya chiyani?

Mvula inaleka. M'mawa Husna anasesa pabwalo. Anaunjika masamba ouma. Masiku onse ankawatentha. Koma tsiku limenelo sanawatenthe. Anaganiza zobisa mulu wake.

Anauphimba ndi masamba ouma. Anathyolathyola mapesi. Anawonjezera udzu wakale wa padenga. Anasakaniza ndi khasu. Anaphimbanso pamwamba. Zouma, zouma, zouma.

Ijumaa inafika. Alendo anabwera. Alendo anapita. Palibe amene anagwira mphuno. Koma mtima wa Husna sunakhale pansi. Anali atawabisira Amayi.

Tsiku lina kunacha kozizira. Husna anapita kuseri. Pamulu pankatuluka choyera ngati utsi.

"Amayi! Amayi! Mulu ukupsa!"

Amayi anathamanga ndi ndowa ya madzi. Anaima. Anayang'ana mulu. Anayang'ana Husna.

"Iwe, sunautaye?"

Husna anazyolika. Misozi inagwa.

Amake Doris a nyumba yoyandikana anamva phokoso. Iwo ankapita kukathyola tiyi. Anatula dengu lawo. Anapisa dzanja m'mulu. Anaseka.

"Musathire madzi, anzanga! Uwu si utsi. Ndi nthunzi."

"Ndiye sukupsa?" anafunsa Husna.

"Ukupsa, inde. Koma sukupsa ngati nyumba. Ukupsa ngati mbatata mumphika. Unaikamo chiyani?"

"Poyamba makoko okhaokha. Unanunkha. Ndiye ndinaubisa ndi zouma."

"Wabisa bwino!" anatero amake Doris. "Zaziwisi zokha zimanunkha. Zouma zokha zimangogona. Zikakumana, mulu umafunda. Madengu awiri a zouma. Dengu limodzi la zaziwisi. Uziutembenuza kuti uzipuma."

Husna anayang'ana Amayi. Anali ndi mantha.

"Amayi, ndikautaye?"

 Amayi anayang'ana nthochi ija. Anaika ndowa pansi.

"Usiye," anatero. "Makoko ndizikubweretsera ine."

Amayi ankabweretsa zaziwisi. Husna ankasesa zouma. Awiri a zouma, limodzi la zaziwisi. Ankautembenuza pamodzi. Anadikira. Anadikiranso. Kudikirako kunali kowawa. Tsamba lina la nthochi linauma n'kugwa.

Patapita miyezi, mulu unaphwa. Unada bii. Unafewa. Unkamveka fungo la nthaka ya m'dimba lakale lija.

"Manyowa apsa," anatero Amayi.

Husna anawathira mozungulira nthochi. Anathiranso madzi.

Mvula yoyamba itagwa, Husna anapita kuseri. Nthochi inali ndi tsamba latsopano, lobiriwira. Pansi pake panali kanthu kena. Kanali kakang'ono, kosongoka.

"Amayi! Bwerani! Nthochi ya ababa ili ndi mwana!"

Amayi anagwada pamchenga. Anakhudza kamwana ka nthochi. M'maso mwawo munali misozi. Koma ankamwetulira.

"Nayenso afuna kudya," anatero Amayi.

Husna anathamanga kukatenga tsache.