Phunziro Limene a Chikakuda Anachotsa

Chaka chimene Yunivesite ya Dzalanje inalengeza kuti digiri ya zomangamanga ndi kukonza mizinda, imene kale inkatenga zaka zisanu, izitha m'miyezi isanu ndi umodzi pa theka la mtengo, aliyense amene anagulapo nsapato pa kaunjika anayenera kutembenuza malondawo n'kuona kunsi kwake. Koma anthufe tikamva zotchipa, maso amachita chidima.

Zonsezi zinatheka chifukwa cha makina otchedwa Chithirira. Chinali chisoti cholemera ngati mphika wa dothi, chokhala ndi timawaya tambirimbiri m'kati. Wophunzira ankakhala pampando n'kuchivala, ndipo maphunziro ankalowa m'mutu mwake monga madzi alowera m'dimba louma. Munthu amene m'mawa sakanatha kuimika khola la nkhunda, pofika masana ankakuuzani kuzama kwa maziko a nyumba ya nsanjika makumi atatu, kwinaku akuyasamula.

A Lufeyo Chikakuda anaona zimenezi ndi maso awo tsiku limene anaperekeza mwana wawo Mtisunge kukalembetsa. Iwo anali ogulitsa zitseko ndi mafelemu akale pamsika wa Tayambanawo, ndipo chibadwire anali asanalipirepo mtengo woyamba wa chinthu chilichonse. Ngakhale bokosi la malemu bambo awo anachita kunenerera, misozi ili mbwembwembwe.

Ulendowu unali ndi cholinga. Khonsolo inali italengeza kuti igwetsa Tayambanawo yense n'kumumanganso, ndipo banja lililonse lochita lendi lipatsidwa nyumba yakeyake. Ojambula mzinda watsopanowo adzakhala ophunzira oyamba a Chithirira. Kwa a Chikakuda kunali anthu asanu ndi atatu m'zipinda ziwiri za lendi: iwo, akazi awo, Mtisunge, ndi mlongo wawo wamasiye, a Nachisale, amene anabwera ndi ana anayi achibale a mwamuna atawalanda nyumba. Chimene a Chikakuda ankafuna pamoyo wawo chinali chimodzi: onse asanu ndi atatuwo agone pansi pa denga limodzi lopanda landilodi. Tsono ngati wojambula dengalo akhale mwana wako, ungadandaulenso chiyani?

Pawindo lolembetsera panalibe munthu. Panali galasi loyankhula lotchedwa Kalaliki, limene analiphunzitsa kunenerera mitengo atazindikira kuti makolo akuno sakhulupirira mtengo umene sugwedezeka.

"Takulandirani, bambo," linatero galasilo. "Maphunziro alipo asanu ndi atatu. Kujambula Mapulani. Maziko ndi Makoma. Madzi ndi Ngalande. Misewu. Malamulo a Malo. Mbiri ya Mizinda. Kulamula Makina Omangira. Lomaliza, Kuyenda Wapansi." Kenako linaonetsa mtengo.

A Chikakuda anaimba mluzu. "Mtengo womaliza ndi uti?"

"Ndi womwewo, bambo."

"Iwe, ndi makina omwe mwayamba kuuma mtima? Tatsitsa. Ndine kasitomala ine, kunyumba kuli ana ena anayi panjira."

"Ndikhoza kutsitsa mukachotsapo phunziro limodzi."

"Lodula kwambiri ndi liti?"

"Kuyenda Wapansi. Limeneli sililowa m'chisoti. Wophunzira amayenda m'makwalala miyezi inayi ndi mphunzitsi wamoyo, Mayi Likongwe. Mphunzitsi wamoyo amadya, n'chifukwa chake likudula. Akuluakulu anati wofuna atenge, wosafuna asiye."

"Ndilipire kuti mwana wanga aziyenda pansi? Wakhala akuyenda ulere chiphunzirire kuimirira!"

Mtisunge anawakoka malaya. "Adadi, mwina ndi lofunika."

"Likanakhala lofunika akanalithira m'chisoti, mwanawe. Chotsa limenelo, iwe galasi."

Anabwerera kunyumba akuyenda monyang'wa, ndipo kwa sabata yathunthu msika wonse unamva mmene anagonjetsera makina a ku yunivesite. Chimene sanadziwe n'chakuti makolo onse makumi anayi a m'kalasi imeneyo anagonjetsa galasi lomwelo m'njira yomweyo.

Mtisunge ali kusukulu, khonsolo inatumiza Kafunsa. Tinali timakina touluka tonga tombolombo, timene tinkatera pakhomo lililonse n'kufunsa mwaulemu mayina a anthu okhala m'nyumbamo. Kamene kanatera kwa a Chikakuda kanawapeza akuwongola misomali pakhonde. Mwatsoka, landilodi wawo, a Bonongwe, anali pomwepo akusesa bwalo limene linali losesasesa kale.

"Zikomo, bambo. M'nyumba muno mumakhala anthu angati?"

Tsono funso limeneli lili ndi mbiri yake m'tauni. Wa lendi aliyense amadziwa kuti landilodi akafunsa kuti muli angati, yankho ndi atatu: bambo, mayi ndi kamwana kamodzi kofatsa. Enawo amafika pambuyo, mmodzimmodzi, aliyense ndi kathumba kake, ndipo amatchedwa alendo mpaka atamera ndevu. Landilodi amaona zonse, wa lendi amadziwa kuti landilodi akuona, koma bola chiwerengero chisatchulidwe pakamwa. Chikatchulidwa, lendi imakwera, ya madzi imakwera, ndipo nkhani ya kudzaza kwa chimbudzi imayambika.

A Chikakuda anayang'ana tsache la a Bonongwe, limene linali litaima m'malere.

"Atatu," anatero. "Ine, mayi akunyumba, ndi mwana wathu Mtisunge."

"Zikomo kwambiri," kanatero Kafunsa, n'kuuluka. Kanadutsa pamwamba pa a Nachisale amene ankachapa kuseri, osawafunsa kanthu, pakuti sikanatumidwe kudzaona. Kanatumidwa kudzafunsa.

Ntchito itayamba, anthu anawasamutsira m'matenti pabwalo la mpira, ndipo kunabwera Chiswe. Anali makina zikwizikwi aang'ono ngati mbuzi, amene ankatafuna dothi ndi zigumukire za nyumba zakale, kusakaniza ndi phula lawolawo, n'kulavula makoma olimba kuposa mwala wa mphero. Sankapuma, sankapempha ya fodya, ndipo sankaba simenti. Pa milungu isanu ndi umodzi, Tayambanawo watsopano anaima: nyumba zosanjikizana mpaka khumi, zoyera mbee, misewu yowongoka ngati chingwe cha mmisiri. A Chikakuda ankaloza ndi chibwano n'kumauza aliyense wodutsa kuti, "Mzere uwo wajambula ndi mwana wanga."

Tsiku lolowa, anakwera nsanjika yachinayi onse pamodzi, a Nachisale atasenza mtolo wa zofunda, ana atanyamula mapoto. Makiyi kunalibe. Chitseko chinkawerenga chikhatho. A Chikakuda anaika dzanja, chinatseguka. Akazi awo anaika, chinatseguka. A Nachisale anapukuta dzanja pachitenje n'kuika.

"Pepani, mayi," chinatero chitseko. "Simuli m'kaundula wa nyumba ino. Alendo amaloledwa maola awiri patsiku."

"Achimwene, chikuti chiyani chimenechi?"

"Sichinakuzolowereni, achemwali. Taikaninso."

Anaikanso. Chitseko chinapepesanso, ulemu wake womwewo. A Chikakuda anasuzumira m'kati. Munali chipinda chimodzi chogona, kachipinda ka mwana, ndi pabalaza pokwana mipando itatu. Mawindo sankatseguka, chifukwa kutentha kwa masiku amenewo kunali koti nyumba zonse zatsopano zinkapumira m'mapaipi a mpweya wozizira. Mapaipi a nyumba imeneyi anayezedwa kuti apumitse anthu atatu.

Atacheuka anaona kuti khonde lonse la nsanjikayo ladzaza anthu ndi mitolo. Pakhomo lililonse panali gulu, ndipo chitseko chilichonse chinali kalikiliki kupepesa. Mnansi wawo wina, amene kwake kunali anthu khumi ndi awiri, anali atangokhala pa chidebe, manja ali kunkhongo.

"Inu munanena angati?" anafunsa a Chikakuda.

"Awiri."

"Aaa, inunso mwanyanya. Bola ine ndinati atatu."

Mtisunge anafika masana, atavala chipewa cholimba cha akatswiri, nkhope itagwa. Anawapeza azakhali ake atakhala pa mtolo panja pa chitseko.

"Adadi, tinajambula mzinda wa anthu zikwi makumi anayi. Pabwalo la mpira pali anthu opitirira zikwi zana limodzi. Achokera kuti?"

"Analipo kale," anatero a Chikakuda, akuyang'ana pansi.

"Nanga nyumba yathu yakhala bwanji ya atatu? Munawauza chiyani a khonsolo?"

"A Bonongwe anali pomwepo ndi tsache, mwanawe. Ukanakhala iwe ukanati chiyani?"

Mtisunge anavula chipewa chija. "Ife ankatipatsa manambala okha, opanda mayina. Nditaona kuti nyumba iliyonse ili ndi anthu awiri kapena atatu, mtima unakana. Ndinati mwina kwathu kokha ndiye timachuluka. Koma chilichonse chimene chisoti chinathira m'mutu mwanga chimayamba ndi chiwerengero, Adadi. Palibe pamene chinati ukachikayikira chiwerengerocho uzipita kuti."

"Ndiye boolani khoma apa, tiwonjezere chipinda. Felemu ndi chitseko ndili nazo."

"Khoma la Chiswe sililowa ngakhale msomali. Ndipo khoma lililonse lanyamula nyumba zisanu ndi imodzi pamwamba pake."

"Mangani zina."

"Malo otsala a khonsolo anagulitsa kuti alipire Chiswe."

A Nachisale anaseka pang'ono, kuseka kosaonetsa mano. "Musamukalipire mwana, achimwene. Wamanga zimene mwamuuza."

M'mawa mwake a Chikakuda anakwera basi ya ku Dzalanje. Pa ntchito yawo, katundu akakhala ndi vuto umabwerera naye kumene unagula. Galasi lija linawalandira mwansangala, n'kuwakumbutsa kuti phunzirolo anachotsa okha, ndipo linawabwerezera mawu awo omwe, mluzu ndi zonse. Kenako linawalozera kachipinda kakumapeto, kumene anapeza mayi wachikulire, wa nsapato zakutha zidendene, akulongedza mabuku m'makatoni. Anali Mayi Likongwe.

"Ndabwera kudzagula phunziro lanu lija," anatero a Chikakuda. "Sindinenerera. Mtengo umene munene ndi womwewo."

"Mwachedwa, bambo. Alitseka. Chaka chonse sindinalandire wophunzira ndi mmodzi yemwe."

"Koma mumaphunzitsa chiyani chimene chisoti chinalephera?"

Mayiwo anakhala pa katoni. "Tsiku loyamba ndimawatengera kumakomboni cha m'ma teni koloko, zochapa zitayanikidwa. Ndimati, funsani mwini nyumba kuti muli angati, mulembe, mumuthokoze. Mukatero zungulirani kuseri mukawerenge zovala pachingwe. Muone kukula kwa poto. Muwerenge mapatapata pakhomo. Munthu wa lendi sanama chifukwa cha kuipa mtima, amateteza ana ake. Koma chingwe cha zovala sichiopa landilodi."

"Basi? Zomwezo?"

"Limenelo ndi tsiku loyamba. Miyezi inayi yotsalayo ndi ya kumene anthu amakhala pa maliro, kumene amadutsa akakana msewu wanu, kumene mayi angaike mbaula osathamangitsidwa." Anawayang'ana. "Inu kwanu mulipo angati?"

A Chikakuda anatsegula pakamwa, ndipo anamva lilime likupita lokha ku atatu. Analigwira.

"Asanu ndi atatu, mayi."

Kanali koyamba kutchula nambala imeneyo kwa munthu wachilendo, ndipo panalibenso chimene ikanagula.

Khonsolo inapeza dzina la anthu osalembedwawo. Inawatcha owonjezera, n'kubwereka malole oti awatule kumidzi kwawo kwaulere. Mtisunge anapempha kuti dzina lake lichotsedwe pachitseko, palowe la azakhali ake. Zinali zotheka, koma malo anali amodzi, ndipo a Nachisale anafunsa funso limodzi lokha: "Ndiye ine ndilowe, ana anayiwa ndiwasiye panja?"

Ananyamuka Lachitatu dzuwa lili paliwombo, kupita kuchigwa kumene chimanga chinasiya kumera kalekale, kumudzi kumene ana awo anali asanapondeko. A Chikakuda anakweza mitolo okha. Anayesa kunenerera ndi dalaivala kuti mlongo wawo akhale kutsogolo, koma mawu sanatuluke bwino, ndipo dalaivala sanawamve n'komwe.

"Achemwali, ndikonza. Ndipeza njira."

"Musavutike, achimwene. Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala mlendo kwanu, ndipo munandisunga bwino. Kungoti sindinkadziwa kuti ndi m'kaundula momwe ndine mlendo."

Lole inanyamuka. Ana anakweza manja, wamng'ono akulozera anzake nsanjika yachinayi, kuti kwawo ndi pamenepo.

Ndalama imene a Chikakuda anapulumutsa pawindo paja inakwana suti imodzi yotuwa yovala pa tsiku la digiri, ndi nkhuku zinayi za phwando. Mtengo weniweni wa malondawo unagwera a Nachisale, amene sanafikeko ku yunivesite, sanafunsidwe ndi Kafunsa, ndipo sananenerere kanthu: malo asanu m'tauni, sukulu ya ana anayi, ndi mlongo mmodzi amene tsopano amamuona pa maliro pokha. A Chikakuda amagona m'nyumba yozizira bwino yopanda landilodi, ndipo ndi katundu yekhayo pamoyo wawo amene akafunsidwa kuti anagula zingati, amasintha nkhani.